A Jailosi a ku Khombedza Amene Kunalibe

Ana inu, taikani pansi mafoniwo, sathawa. Iwe Mphatso, ndiwe wandiputa, ndiye sendera kuno, usabisale kumbuyo kwa anzako. Akuti ukamaliza folomu folo ukufuna udokotala, ndipo wamva a Tadala ndi a Yamikani akukanganabe za kaphunzitsidwe ka kusukulu kwawo kuja, chonsecho onse awiri ali pantchito tsopano. Ndiye ukufunsa ine kuti wolondola ndani. Ine amene, munthu woti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi! Komabe wafunsa munthu woyenera, chifukwa mkangano wa awiriwo unagwera pa thupi langa lino. Ndikanachita nawo masewera, bwenzi nkhaniyi mukuimva kwa ena, ine ndili kumanda.

Muyambe mwadziwa kuti ife sukulu yathu inali ya makutu. Aphunzitsi ankaima kutsogolo ndi kandodo ka bulugamu, iwo kunena, ife kubwereza tonse pamodzi ngati achule a m'sikimu ya mpunga mvula ikagwa. Tinkalemba pa sileti, chofufutira chinali malovu ndi chikhatho. Ukafunsa funso ankati ndiwe wamwano. Ine mpaka lero mitsinje ya ku Ulaya ndikhoza kuitchula motsatana osapumira, koma palibe ndi umodzi womwe umene ndinasambako.

Nditakula ndinalowa ntchito ya uwetala pa hotela ina ku Senga Bay. Masiku amenewo alendo ena ankabwera pa sitima mpaka pa siteshoni ya Salima, ife n'kukawachingamira titavala zoyera mbee, zosita ndi simbi yamakala. Simbi imeneyo inu simuidziwa. Inkalavula kakhala kamoto pa kolala nthawi yomwe wachedwa kale. Mkulu wa mawetala anali a Zuze, munthu wamtali, wokonda mawu ake omwe. M'mawa uliwonse ankatifoletsa pakhonde n'kuyamba: "Mpeni kumanja, foloko kumanzere. Mlendo sumufunsa ngati wakhuta. Supu sumuthira mpaka m'milomo mwa mbale." Tinkamva zomwezo chaka ndi chaka, koma kunena zoona palibe wa ife anaikapo foloko kolakwika.

Kukhitchini kunali munthu wina wosiyana nawo kutalitali, Che Amidu, khuku wamkulu, wa kugombe komweko. Ameneyo sankafotokoza kanthu. Ankakuponyera chambo ndi mpeni n'kunena kuti, "Ndikukaswali. Ndikabwera ndipeze minga yonse yachoka." Ukati, "Che Amidu, ndiyambire pati?" ankakuyang'ana n'kuti, "Nanga nsombayo ikuti uyambire pati?" Zala zanga izi zili ndi zipsera chifukwa cha mdala ameneyo, koma chambo ndimachichotsa minga ngakhale nditatsinzina. A Zuze ankati Che Amidu ndi waulesi, safuna kuphunzitsa. Che Amidu ankati a Zuze ndi wailesi yopanda pozimitsira. Ine ndinaphunzira kwa onse awiri, koma amene anadzakhala mnzanga wapamtima anali Che Amidu.

Nditapuma ntchito tinabwera kuno ku Lifuwu ndi agogo anu aakazi, a Naphiri, n'kupeza kamunda kathu m'sikimu. Chaka chimene ndikunenachi inu munali tiana tamamina, ena musanabadwe n'komwe. Inali nyengo yomweta mpunga, mwera ukuwomba, ndipo kunabwera patchuthi ophunzira udokotala awiri: Tadala, wa mwana wanga wamwamuna, ndi Yamikani, wa mwana wanga wamkazi. Pachisuweni, kalasi imodzi, sukulu imodzi. Ndinkati ndapeza aganyu aulere, osadziwa kuti ndaitana bwalo la milandu pakhomo.

Anayamba asanatsitse n'zikwama zomwe.

"Agogo, tamverani zimene amatichita," anatero Yamikani. "Amatitsekera m'kachipinda anthu ochepa, n'kutiuza kuti mayi wina wabwera akutsokomola, miyendo yatupa. Basi. Mphunzitsi ali pakona phee, manja apinda. Ukamufunsa akuti, 'Nanga inu mukuganiza bwanji?' Ine ndikanakhala kuti ndikudziwa, ndikanapita kukatani kusukuluko?"

"Musamumvere uyu, amuna anga," anatero Tadala. Paja iye amanditcha choncho chiyambire ali wakhanda, ine n'kumati mkazi wanga wamng'ono, a Naphiri n'kumanamizira nsanje. "Uyu chimene amakonda n'kukhala m'holo, alekichala akulankhula kuyambira m'mawa, iye akungolemba ngati kalaliki wa kukhoti. Theka la kalasi lili mtulo. Mayeso akangotha, zonse zimauluka. Koma mayi wotsokomola uja, poti tinazunzika naye tokha, kufufuza m'mabuku, kutsutsana, ine sindidzamuiwala mpaka kufa."

"Kutsutsana kwake kuti? Amalankhula ndi anthu awiri okha, apakamwa ngati iweyo, enafe n'kumangogwedeza mitu. Ndiye wina akanama molimba mtima, gulu lonse limapita kukagona ndi bodzalo."

"Ngati kuti alekichala ako sanama."

"Akanama amanama mwadongosolo. Umadziwa poyambira kukonza."

Kaphunzitsidwe ka m'maguluko kali ndi dzina lake lachizungu la zilembo zitatu, koma linandithawa kalekale. Chimene sichinandithawe ndi phokoso. Podya, pomweta, potunga madzi, nkhani inali yomweyo, mpaka a Naphiri anati akapitiriza awiriwa azikadyera kukhola.

Tsopano tamverani, ndipo amene aseke atuluke. Nyengo imeneyo ine madzi ankandivuta. Kutaya madzi, inde, kukodza, poti mukufuna ndinene mosabisa. Iwe Chisomo, ndakuona, tseka pakamwapo, nawenso udzakalamba. Ndinkamva kuti andithina, n'kuthamangira kuseri kwa nthochi, kufika kumeneko n'kuima, kuima, kuima, kenaka timadontho. Ndikangobwerera kudzakhala pansi, ayambiranso. Kutchalitchi ndinasiya benchi la akuluakulu n'kumakhala pafupi ndi chitseko, anthu n'kumandinena kuti a Kachingwe adzichepetsa masiku ano. Thobwa ndinasiya. Tiyi ndinasiya, ine munthu woti moyo wanga wonse ndinagwira thipoti.

Mudzati bwanji osapita kuchipatala. Ndinkaopa, ana inu. Che Amidu anadwala matenda omwewo. Anawabisa nthawi yaitali, ndipo atapita naye kuchipatala anabwerako ali ndi paipi ndi thumba la mkodzo lolendewera m'kati mwa mkanjo. Munthu waukhondo uja, woti ankasamba m'manja asanagwire ngakhale anyezi, anasiya kupita kumzikiti poganiza kuti ndi wodetsedwa. Anasiya kulandira alendo. Ine ndemwe ndinkalankhula naye ndili panja, iye ali m'nyumba, chitseko chili chotseka. Mvula yotsatira isanagwe tinakamuika. Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti paipi ndiyo inapha mnzanga, ndipo ndinalumbira kuti ine ayi.

Komanso nkhani ya kumunsi kwa lamba sungauze mwana wobala wekha. Pakamwa sipatseguka. A Naphiri akandifunsa kuti kodi kunjaku mukupitapita kukatani, ndinkati ndikukaona mbuzi. Mbuzi zimenezo zinaonedwa chaka chimenecho kuposa mwana wakhanda. Koma mdzukulu ndi wina, mdzukulu ndi mnzako wanthabwala, ukhoza kumuuza chilichonse bola uchikulunge m'chiseko. Ndiye ndinaganiza kuti, pakhomo pano pali madokotala awiri osapsa bwino akudya mpunga wanga waulere. Bwanji ndiwabere yankho popanda kuvula malaya?

Tsiku lina masana tili pamthunzi ndinati, "Inu, mkangano wanuwu wanditopetsa. Tiyeni tiuthetse. Ndili ndi mnzanga ku Khombedza, a Jailosi, wosoka nsapato pamsika. Madzi akuwavuta. Amathinidwa pafupipafupi koma akapita sipatuluka kanthu kooneka. Aliyense agwiritse nzeru za kaphunzitsidwe kake. Amene atchule matenda a a Jailosi, tambala wofiira uja ndi wake."

Dzinalo linangondibwerera pakamwa. Ku Khombedza kunalibe a Jailosi ena aliwonse. A Jailosi ndinali ine.

Yamikani anadzuka, n'kukonza kukhosi, manja kumbuyo. Ndinangoona a Zuze adzuka kumanda. "Zoyambitsa vuto lotere mwa bambo wachikulire," anatero, n'kuyamba kupinda zala. Anatchula kachiwalo kena kamene amuna tili nako pansi pa chikhodzodzo, akuti pulositeti, kamene kamakula ndi ukalamba n'kufinya njira ya mkodzo. Anatchula likodzo lakale, poti kuno n'kunyanja. Anatchula shuga, mwala wa m'chikhodzodzo, matenda a paunyamata, ndipo pomaliza anati khansa. Zala zinatha bwinobwino, osaphonya.

"Ndiye a Jailosi akudwala ati pamenepa?" ndinafunsa.

"Amodzi mwa amenewa, agogo."

"Zikomo kwambiri, adokotala. Ndikawauza kuti asankhepo okha."

Tadala sanatchule matenda ngakhale amodzi. Anangokhala tsonga n'kuyamba kundipanikiza. A Jailosiwo ndi a msinkhu wanji? Ndinati ngati wanga womwewu. Mkodzo uli ndi magazi? Ayi. Amamva kuwotcha? Ayi. Ludzu? Osati kwenikweni, koma madzi akumwa amawaopa. Aonda? Lamba anasuntha bowo limodzi. Msana umawawa? Umawawa, koma paja amawerama kumunda. Apa anandiyang'ana. "Si mwati ndi wosoka nsapato?" Ndinati amalimanso, munthu sangadye nsapato.

"Ndiye matenda ake ndi ati, mkazi wanga?"

"Sindinganene lero. Ndikaganize kaye, mawa ndifunsanso."

Uyu ndiye anali Che Amidu wachiwiri, wovala siketi. Wina wandipatsa matenda asanu ndi limodzi, wina sanandipatse ngakhale amodzi, ine madzi akundivutabe.

Masiku otsatira masewerawo anakoma, kwa iwo. Tili m'munda ndi mazenga, Tadala ankangotulukira kumbuyo kwanga. "Amuna anga, a Jailosi aja akamataya madzi, amadukiza pakati kenaka n'kuyambiranso?" Ine osaganiza n'komwe, "Eya, amadukiza." "Akamaliza amamva ngati atsalamo?" "Kwambiri." Munthu wanzeru akanati ndikawafunsa kaye. Ine ndinkayankha msangamsanga ngati mwana wa katekisimu, chifukwa mumtima ndinkafunitsitsa kuti wina andifunse. Yamikani naye madzulo aliwonse ankatiphunzitsa mutu umodzi, lero impso, mawa chikhodzodzo, mpaka a Naphiri ankawodzera ali ndi lichero m'manja.

Kenaka linafika tsiku limene masewera anandiwawa. Tinali titapuntha mpunga m'mawa wonse, tikupuma m'mbali mwa ngalande, tikudya nzimbe. Yamikani anati, "Koma mdala ameneyu akapitiriza kukhala kunyumba, tsiku lina njira idzatsekeratu. Mkodzo udzabwerera m'mwamba, impso zidzafa."

Tadala analavula makoko a nzimbe. "Ngati ili khansa, ndi msana ukuwawawo, mwina yafika kale m'mafupa. Pagulu pathu tinali ndi kesi yotere, nkhani ya wodwala yoti tiphunzirirepo. Bamboyo sanathe chaka."

"Ndiye tambala ndi wanga, khansa ndinaitchula ndine."

"Unatchula zonse, ngati wogulitsa pa okala."

Ankanena akutafuna, akuseka, ngati akukamba za mbuzi ya eni ake. Sindiwaimba mlandu, kwa iwo a Jailosi anali munthu wongopeka ngati mayi wotsokomola uja. Ine ndinaseka nawo, koma nzimbe inasanduka thonje m'kamwa. Ndipo ngati dala, nthawi yomweyo madzi anandithina. Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa mulu wa mapesi a mpunga. Ndinaima kumeneko nthawi yaitali kuposa masiku onse, thukuta lili kamukamu. Pobwerera ndinapeza kuseka kuja kwatha. Tadala akuyang'ana zala za kumapazi kwake, Yamikani akusenda nzimbe yosendasenda kale.

Kuyambira madzulo amenewo mkangano unatha. Anthu oti chibadwire sanagwirizanepo ngakhale za mchere wa m'ndiwo anayamba kupatsirana madzi osamba m'manja, kunong'onezana kuseri kwa khitchini ndi agogo awo aakazi. Ine n'kumati Mulungu wamva pemphero langa, pakhomo pabwera mtendere. Ukalamba si nzeru nthawi zonse, ana inu.

M'mawa mwake Tadala anabwera ndi nkhope yoongoka. "Amuna anga, mwambo wa pagulu pathu ndi wakuti ukakambirana umakafufuza. Tikufuna tikawaone a Jailosi."

"Ngakhale alekichala athu amatero," anatero Yamikani. "Akuti usatchule matenda a munthu usanamugwire."

Ndinagwira njakata. Ndinati a Jailosi amayendayenda. Anati tikawadikira. Ndinati akazi awo ndi olusa, sakonda alendo. Anati tikawatengera mpunga. Ndinati pakhomo pawo pali agalu. Apa a Naphiri anatulukira ndi malaya anga atasita kale. "Pitani nawo anawa, bambo. Mnzanuyo si mumamukonda? Kapena mukufuna afere m'nyumba?" Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali ndithu, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ndinapangana ndi mtima wanga kuti palibe vuto. Tikafika ku Khombedza ndidzazungulira nawo msika, kufunsa uku ndi uku, kenaka ndidzati munthuyu anasamukira ku Nkhotakota. Tidzagula chinangwa chootcha n'kubwerera.

Tinakwera kagalimoto ka matola kopita ku boma. Inu mumadandaula msewu wa lero, koma kale ulendo umenewu tinkauyenda pa njinga ya mabuleki a ndodo, thumba la mpunga kumbuyo, mchenga ukakula n'kutsika kumakankha. Tsiku limenelo ndikanakonda njinga yomweyo, chifukwa panjinga umaima pamene wafuna. Sindinamwe kanthu chidzukire, komabe bampu iliyonse inkandifika pachikhodzodzo. Tisanafike n'pamsewu wa tala pomwe ndinamenya bodi kuti aime. Titayenda pang'ono ndinamenyanso. Kondakitala anati, "Madala, mwamwa chiyani m'mawa uno, osatigawirako?" Anthu anaseka. Adzukulu anga awiri okha ndi amene sanaseke.

Pa depoti ya Salima panali piringupiringu wa masiku onse, oitanira akukuwa, "Khombedza, Nkhotakota! Mmodzi yekha inyamuke!" Ine ndinalunjika ku minibasi molimba mtima ngati munthu wodziwa kumene akupita. Ndinangomva dzanja landigwira pachigongono. Anali Yamikani. Pambali pake panali ataima anyamata atatu a kabaza ndi njinga zawo.

"Agogo, ku Khombedza sitipita."

"Bwanji? Nanga a Jailosi?"

"A Jailosi tawapeza kale," anatero Tadala. "Tabwera nawo kuchokera ku Lifuwu. Tikupita nawo kuchipatala."

Mukudziwa inu kuti ine mtima wanga uli pafupi. Manyazi ndi mkwiyo zinabwera limodzi. Ndinakhala pa thumba la mpunga la munthu wosamudziwa n'kunena mokweza kuti, "Mwandisandutsa kesi? Ine agogo anu, amene ndinakusinthani matewera? Mwapangana ndi agogo anu aakazi kundigwira ngati nkhuku yopita kumsika? Sindipita. Ndibwezereni kwathu."

Yamikani anaika manja kumbuyo. "Agogo, zifukwa zimene muyenera kupitira kuchipatala zilipo zingapo. Choyamba..."

"Khala chete iwe! Choyamba chakocho ukauze anzako kuholo."

Anabwerera m'mbuyo. Ndipo Tadala, mtsikana wa m'tauni uja, tsiku limenelo atavala thalauzi ndi nsapato zoyera, anagwada pafumbi la pa depoti, anthu onse akuona. Sananene kuti amuna anga.

"Agogo, zija tinanena kumunda zija, tinkayesa tikunena za munthu wongopeka. Tinazindikira mutadzuka kale. Mutikhululukire." Misozi inali ikutsika, osaipukuta. "Ndakufunsani mafunso ambiri sabata ino, koma lofunika ndinaliiwala. Ndifunse limodzi lokha, lomaliza. Mukuopa chiyani?"

Ana inu, funso limenelo palibe anali atandifunsapo. Mkwiyo wonse unaphwa. Ndinawauza za Che Amidu, za paipi, za chitseko chotseka chija. Ndinati imfa sindiiopa kwambiri, ndakalamba, ndadya zanga. Chimene sindifuna n'chakuti adzukulu anga azidzandithawa chifukwa cha fungo, azidzandikumbukira ngati mdala wa thumba la mkodzo. Ndinanena zonsezo pa depoti, pamaso pa mayi wogulitsa mandasi, zimene ndinalephera kuuza mkazi wanga m'nyumba mwanga.

Yamikani ananjuta pansi, n'kutola kamtengo. "Agogo, mundilole tsopano ndilankhule. Sindiwerenga zala." Anajambula pafumbi chikhodzodzo ngati chikho, njira yake yotulukira, ndi kachiwalo kaja kakuizinga. Anafotokoza pang'onopang'ono, m'Chichewa cha kumudzi, osaponyamo chizungu ngakhale chimodzi, mmene njira imapanikizikira, mmene madzi otsalira amabwerera kukatopetsa impso. "Che Amidu sindinawaone," anatero, "koma mmene mwafotokozeramu, paipi sinawaphe. Inafika mochedwa, impso zitatopa kale. Paipi imabwera kudzapumitsa impso. Inu mukadali ndi mphamvu, mwapuntha mpunga dzulo lomweli."

"Ndi khansa?"

"Sindikudziwa, agogo."

Chibadwire cha mnyamata ameneyo ndinali ndisanamumvepo akunena mawu amenewo. Ndinamukhulupirira pomwepo.

"Paipi andiika?"

"Mwina akuikani kwa kanthawi. Sindikunamizani."

Nditakweza maso ndinapeza tazunguliridwa. Oitanira asiya kuitanira, a kabaza atsamira njinga zawo, onse maso ali pa chithunzi cha pafumbi. Tadala anapukuta m'maso n'kuti, "Lero lokha, msuweni, waphunzitsa popanda wogona." Mdala wina wa chipewa cha mlaza anasendera kwa Yamikani n'kunong'ona, koma tonse tinamva: "Adokotala, ndili ndi mlamu wanga ku Chipoka, nayenso zomwezi..." Tadala anangoitana kabaza wachinayi woti akwere mdalayo.

Pa njinga paja ndinakhala ngati mkwatibwi, manja ndagwira chishalo, msewu wonse awiriwo akukuwirana kuchokera pa njinga zawo. Tadala akuti anayamba kudziwa ndi iye, chifukwa palibe munthu amadziwa za mnzake kuti madzi amadukiza pakati. Yamikani akuti ayi, anayamba ndi iye, chifukwa zizindikiro zonse zimene analoweza m'holo anaziona zikuyenda ndi miyendo kupita kuseri kwa nthochi. Mtendere uja unathera pomwepo, ndipo sunabwererenso mpaka lero.

Kuchipatala anandiperekeza mpaka pakhomo la chipinda n'kutsala panja, paja ulemu anali nawo ndithu. Anandiyeza, ananditenga magazi, zina anatumiza ku Lilongwe. Kudikira zotsatira kunali kowawa, sindikubisirani. Zitabwera anati si khansa, ndi kachiwalo kaja kangokula, koma impso zinali zitayamba kale kudandaula. Ndikanadikira mpaka dzinja, nkhani ikanakhala ina. Pambuyo pake anandichita opaleshoni ku Lilongwe, n'chifukwa chake lero mumandiona ndikumaliza thipoti ndekha. Tambala uja sanadye Tadala kapena Yamikani. A Naphiri anaphera anthu odzandizonda, akuti wopambana weniweni ndi amene anasita malaya.

Ndiye iwe Mphatso, wolondola sindikumudziwa. Ukafike kumeneko wekha, ukagone m'holo, ukakangane m'kachipinda, udzatiuze.

Koma paipi ija anandiikadi, tsiku lomwe lija tinapita kuchipatala, ndipo ndinakhala nayo miyezi ndithu podikira opaleshoni. Ndinabwera nayo kuno pakhomo mutu uli pansi, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. A Naphiri anatenga singano ndi ulusi. Anang'amba chitenje chawo chatsopano cha maluwa achikasu, n'kusoka kachikwama ka chingwe kobisamo thumba lija, kakuti ndizikoleka m'chiuno paipi ili m'kati mwa malaya. Atamaliza anatsegula chitseko n'kuti, "Tulukani, bambo, adzukulu anu akukufunani."

Ndinatuluka ndikudikira kuti ndione woyamba kugwira mphuno. Akuluakulunu mukukakumbukira kachikwama kameneko. Munandithamangira nonse, kulimbirana kukhala pamwendo wa mbali yomweyo, chifukwa wina anafalitsa mbiri yakuti agogo abwera kuchokera ku boma ndi kachikwama ka masiwiti. Miyezi yonseyo sindinakhalepo ndekha ngakhale tsiku limodzi. Ndinkachita kukuthamangitsani ngati nkhuku pa mpunga woyanika.

Ndipo iwe Mphatso, iwe amene ukufuna udokotalawe, unagubuduka pafumbi apo pali mtondopo, kulira mpaka mawu kusasa, kuti agogo ndi omana, akudya okha za m'kachikwama. Lero wadziwa zimene unkalirira.